Tebulo la a Lusiyano

Anthu a pa Chonde akhala akuifotokoza nkhaniyi mothira mchere wambiri, ena mpaka kumati ndinakafukula manda. Bodza limenelo, sindinafukule manda a munthu ine. Zomwe ndinachita n'zochepa kuposa pamenepo, koma zinakwanira kuti ndizidutsa pamsika chipewa chitaphimba mphuno kwa miyezi itatu. Ndiye bola ndikuuzeni ndekha, poti manyaziwo mwini wake ndine.

Ine ndine munthu wa mumsika. Ndinakulira ku Limbe, ndipo kaunjika ndinayamba kugulitsa ndevu zisanamere. Ngati pali luso lomwe Mulungu anandipatsa mosaumira, ndi kunenerera. Wogulitsa tomato akandiona ndikubwera amayamba wapuma kaye. Ndimanyoza katundu, ndimachokapo, ndimabwerera, ndimachokanso, mpaka munthu amandipatsa chinthu kuti ndingomuchokera pamaso. (Kutchalitchi kokha ndiye sindinenerera, koma maganizowo amabwera.)

Kuno ku Mulanje ndine mkamwini. Ndakhala pamalo a akuchikazi zaka zoposa makumi awiri. Nyumba ndinamanga ndine, malata ndinagula ndine, koma dothi lomwe nyumbayo yakhalapo ndi la mayi a Esinati, akazi anga, ndi abale awo. Ndipo pali alamu anga a Dafuleni, mlongo wawo wa mayi a Esinati, mwinimbumba, omwe sanatopepo kundikumbutsa zimenezi. Sachita kunena mwachipongwe ayi. Amangoti, “Alamu, kwanu ku Limbe mvula ikugwa?” ngati ndinabwera dzana.

Tsono Esinati, mwana wathu woyamba, anapeza mwamuna. Dzina lake Chifundo, kalaliki ku esiteti ya tiyi, mnyamata wofatsa wopereka moni ndi manja awiri. Nkhani ya chinkhoswe itayamba, a Dafuleni anangolamula kuti mwambo udzachitikira kwawo, pansi pa mtengo wa mango, monga zinachitikira kwa ana onse a mbumba yawo.

Pamenepo mtima unandipweteka. Mwana ndinamulera ndine. Fizi yake inachoka m'mabelo a kaunjika. Ndinafuna kuti tsiku limodzi lokha, limodzi basi, anthu asonkhane pakhomo panga, anene kuti uyu ndi mwana wa pakhomo pano.

“Chinkhoswe chichitikira pano, alamu,” ndinatero.

A Dafuleni anayang'ana bwalo langa pang'onopang'ono, kuyambira kuchimbudzi mpaka kumsewu.

“Pano? Alendo adzakhala pati, m'nandolomu? Kapena pazitosi za abakhazi?”

Tinakokana mpaka tinagwirizana chonchi: akuchimuna akamabwera kudzakambirana za dongosolo, adzafikira kwanga. Akadzaona kuti malo ndi oyenera, chinkhoswe chidzachitikira kwanga. Akadzakayika, kumango. Ndinali ndi masabata asanu ndi limodzi.

Pulani ndinali nayo kale m'mutu. Tsiku lina ndinapititsa makatani a kaunjika kunyumba ya bwana wina wa ku esiteti, ndipo zomwe ndinaona kumeneko sizinandichoke. Kapinga wobiriwira ngati wochita kupenta, maluwa ondanda m'mbali mwa njira, ndipo pakati pa bwalo chisakasa chozungulira chofolera udzu, m'kati mwake muli tebulo lamwala, lalitali lofika m'chiuno. Ndinati mumtima: zimenezi n'zotheka, kungoti bwanayu anagula modula chifukwa sadziwa kuyankhula.

Ndinayamba ndi nandolo. Kutsogolo kwa nyumba yathu mayi a Esinati ankalimako nandolo, mpiru ndi tsabola, ndipo nthawi imeneyo nandoloyo anali atayamba maluwa. Anandipeza nditazula mizere itatu.

“Bambo a Esinati, nandolo ameneyu walakwanji?”

“Sakugwirizana ndi pulani.”

“Pulaniyo tidzathira mchere n'kudyera?”

“Mayi, chitukuko chimafuna kudzimana.”

“Ndiye mudzadzimana nokha,” anatero, n'kutola nandolo wozulidwayo kukapatsa mbuzi.

Kapinga ndinakagula kwa mkulu wina wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre. Ndinamunenerera mpaka anavula chipewa n'kuchiponya pansi. Anandipatsa matumba awiri pamtengo wa limodzi, ndipo ndinachoka ndikuimba mluzu. Kufika kunyumba, thumba lapansilo linali louma ngati fodya. Wamoyoyo ndinadzala motalikitsa kuti akwanire, ndipo nkhuku za apongozi zinayesa ndazikonzera phwando. Pakutha pa sabata bwalo linkaoneka ngati mutu wa mwana wodwala zipere.

Kenako matayala. Ndinatola akutha kwa okonza galimoto, ndinawadula pakati, ndinawakwirira mondanda kuchokera kumsewu mpaka pakhonde, n'kuwapaka laimu. Tsiku loyamba anawala ndithu, anthu odutsa pa njinga ankatembenuka. Tsiku lachiwiri chiperoni chinatsika kuphiri. Amene simunakhaleko kuno, chiperoni si mvula yeniyeni ayi, ndi kamvula kamwano kongowaza, kosaleka, phiri lonse lobisika, zovala zosauma, mafupa kuzizira. Laimu yense anasungunuka n'kuyenderera padothi lofiira. Panatsala matayala akuda, onyowa, atangoti ndaa.

“Mwatsegula garaji, alamu?” anafunsa a Dafuleni akudutsa. “Njinga yanga yaphulika chubu.”

Ine ndinangopitiriza ntchito yanga. Ndinkadziwa kuti chodabwitsa chenicheni chikubwera.

Chisakasa anandimangira mmisiri wina wa m'mudzi momwemo. Ananena kuti pakufunika mitolo ya udzu yakutiyakuti, ine ndinati akufuna kundibera, ndinagula theka lake. Anafolera mopyapyala akung'ung'udza. Ukaima m'kati n'kuyang'ana kumwamba, unkaona timabowo ta kuwala. Ndinati zimenezo n'zolowetsa mpweya.

Linatsala tebulo. Tebulo lamwala silipezeka mumsika, ndiye ndinaganiza kuti amene amaumba zinthu zosalala zamiyalamiyala kuno ndi oumba ziliza. Kuseri kwa msika wa Chonde kuli mkulu wina, a Wayisoni, amene ntchito yawo ndi yomweyo. Ndinawafotokozera zomwe ndikufuna, anatchula mtengo, ine ndinagwira khoma. Ndinayesa njira zanga zonse. Ndinawauza kuti simenti yatsika (inali itakwera), ndinawauza kuti ku Limbe amapanga motchipa, ndinachokapo kawiri. A Wayisoni anangopitiriza kupukuta mtanda wa munthu wina. Anthu ogwira ntchito ndi imfa sachedwa kudziwa kuti aliyense adzabweranso.

Pochoka kachitatu m'pamene ndinachiona. Kuseri kwa shedi yawo kunatsamira chimwala chachikulu, chathyathyathya, nkhope yake itayang'ana kukhoma.

“Nanga ichi?”

“Chimenecho si chogulitsa, bwana. Eni ake anachikana. Chinabenthuka pakona pochinyamula, ndinawaumbira china.”

“Ndiye mukusungira abuluzi?”

“Chili ndi dzina la munthu.”

Ndinasuzumira. Panali mtanda, ndi malembo ozokota opaka utoto wakuda: LUSIYANO MAKWINJA. Pansi pake masiku, ndi mawu aja akuti usani mumtendere. Dzinalo silinandiuze kanthu. A Makwinja alipo ambiri, ndipo ine sindinkadziwa Lusiyano aliyense.

“A Wayisoni,” ndinatero, “bambo ameneyu ali nacho kale chake kumanda, chatsopano, chopanda chilema. Ichi ndi simenti ndi miyala basi. Tikachitembenuza, malembo pansi, ndani adzadziwe?”

Mkuluyo anakanda m'mutu nthawi yaitali.

“Bwana, zinthu zina sanenerera.”

Mawu amenewo kwa munthu ngati ine ali ngati kuonetsa galu fupa. Ndinakhala pamenepo maola awiri. Ndinawanyozera kona yobenthukayo, ndinawauza kuti ndikuwathandiza kuchotsa zinyalala, ndinawakumbutsa kuti tonse ndife Akhristu. Anagonja. Anandipatsa pamtengo wa nkhuku ziwiri zachikuda.

“Koma bwana, onjezerani kangachepe ndimate malembowa ndi simenti. Mawa chikhala chitauma.”

Apa ndi pomwe ndimafika ndikamaganiza za nkhaniyi, n'kudzimenya pachipumi. Kangachepeko kanalidi kangachepe, ka botolo la zoziziritsa kukhosi. Koma ndinali nditangopambana, ndipo kuonjezera kalikonse kukanaononga kukoma kwa chipambanocho.

“Simenti ndili nayo kunyumba,” ndinanama.

Ndinachitengera pangolo nditachiphimba ndi masaka. Mayi a Esinati ndinawauza kuti chachokera ku hotela ina yomwe inatsekedwa. Ndinamangitsa zipilala ziwiri zanjerwa m'chisakasa muja, zazitali zofika m'chiuno ngati za bwana uja, ndipo amuna anayi anandithandiza kuchikweza chili chophimbidwabe kunsi (ndinati ndikuteteza kuti chisakalike). Atachoka ndinasolola masaka. Kumsana kwake, komwe tsopano kunali pamwamba, ndinakupala n'kupaka polishi wofiira wapansi mpaka kunanyezimira. Ndinayalapo nsalu yaikulu yoluka ya mayi a Esinati, yolendewera mbali zonse.

Ndiyeno ndinayendera ntchito yanga. Ndinaima kumsewu, palibe chooneka. Ndinaima pakhonde, palibe. Ndinakhala pampando uliwonse mwa mipando isanu ndi umodzi, palibe. Ndinalamula kuti pasapezeke wolowa m'chisakasamo mpaka alendo atafika, ndipo ndinagona tulo ta munthu wanzeru.

Loweruka linacha ndi chiperoni chija. Kunali mdima ngati dzuwa laiwala ntchito. Alendo anafika cha m'ma teni koloko, nsapato zili matope okhaokha: amalume ake a Chifundo, amuna ena awiri, ndi amayi atatu. Mwa amayiwo munali mayi Filomena, mkulu wawo wa malemu mayi ake a Chifundo, amene anamulera mnyamatayo kuyambira ali wakhanda. Mayi wochepa thupi, wa duku lakuda, kolona m'khosi, woyankhula motsitsa.

Mayi a Esinati anafuna kuyala mphasa ya amayi pakhonde, pouma.

“Ayi,” ndinatero. “Onse m'chisakasa. Tamangiranji?”

Anandiyang'ana, koma alendo ali pomwepo sakanatsutsa. Amuna, ndi a Dafuleni omwe, tinakhala pamipando mozungulira tebulo, amayi pamphasa chapambali, monga mwa nthawi zonse. Tiyi anabwera, ndi chinangwa chophika, ndi nthochi.

Ndisaname, kwa theka la ola ndinali mfumu. Amalume a Chifundo anagogoda tebulo ndi chala.

“Mwala uwu ndi wolimba, bambo. Zinthu zotere timangoziona ku mabwana.”

“Timayesetsa,” ndinatero, ndikuyang'ana a Dafuleni, omwe ankatafuna chinangwa ngati chawalakwira.

“Ife tikuona kuti malo ano ndi abwino. Mwambo ungathe kuchitikira pompano.”

Mtima wanga unavina. Zaka makumi awiri zaukamwini zinapepuka nthawi imodzi.

Koma udzu uja ndinagula theka unali utamwa madzi kuyambira m'mawa, ndipo tsopano unayamba kubweza. Dontho pa shuga. Dontho m'kapu ya a Dafuleni. Kenako mzere wa madontho pansalu yoluka ija, ndipo polishi wofiira anayamba kutulukira pansaluyo ngati bala. Mayi a Esinati anadzuka msangamsanga.

“Nsalu yanga ya ukwati!”

Ndisanatsegule pakamwa anali atanyamula makapu, kusolola nsalu, n'kubwezera makapu pamwala. Ndinadzilimbitsa mtima: palibe vuto, malembo ali pansi.

Kudontha kunafikanso pamphasa. Amayi anayamba kusuntha, kufunafuna pouma, ndipo pouma pokha panali m'mphepete mwa tebulo. Mayi Filomena anakhuthira chakumeneko mpaka phewa lawo linalowa pansi pa mwala.

Abale anga, ndinayendera tebulo limenelo kuchokera kumsewu, pakhonde ndi pamipando yonse. Koma pamphasa sindinakhalepo. Mwamuna akhala pamphasa akufunanji? M'mutu mwanga dziko lonse limaoneka kuchokera pampando. Sindinaganizepo kuti theka la alendo anga lidzakhala pansi, ndipo munthu wokhala pansi, tebulo lofika m'chiuno amaliona kunsi.

Ndinaona kapu ya mayi Filomena itaima panjira yopita kukamwa. Anaiika pansi bwinobwino. Anakweza dzanja n'kugwira kona yobenthuka ija, kuisisita ndi chala ngati munthu wozindikira chipsera cha mwana wake. Kenako anapendeketsa mutu, chala chija chikuyenda kunsi kwa mwala, lemba ndi lemba.

“Lusiyano,” anatero, motsitsa kwambiri.

Amalume a Chifundo anasiya kutafuna.

“Mwati chiyani, achemwali?”

Mayiwo anayankhula mawu angapo m'Chilomwe chakuya chomwe ine sindimva, ndipo amayi anzawo aja anagwira pakamwa. Kenako anabwerera ku Chichewa, kuti nanenso ndimve. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

“Chotsani makapuwo. Mukumwera tiyi pamsana pa amuna anga.”

Zomwe zinatsatira sindidzaziiwala. Amuna akuluakulu, a majekete awo a kutchalitchi, anagwada m'matope mmodzimmodzi kusuzumira pansi pa tebulo langa. Aliyense ankadzuka nkhope itasintha. Omaliza anali a Dafuleni, ndipo iwo anakhalitsa. Anawerenga mokweza, mosathamanga, dzina, masiku, mpaka usani mumtendere, ngati akuwerenga kalata yowakweza pantchito.

Kunapezeka kuti a Lusiyano anali amuna awo a mayi Filomena, bambo amene analera Chifundo, kumulipirira sukulu ndi ndalama yothyola tiyi. Anamwalira chaka chapitacho. Dzina la Chifundo ndi la bambo ake omubereka, n'chifukwa chake la Makwinja silinandigunde. Ndipo amene anakana mwala wobenthukawo kwa a Wayisoni anali mayi Filomena eni ake, poti sanafune kuti amuna awo agone pansi pa chinthu cholumala.

Munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Ine pakamwa panga panazolowera kuti zinthu zikavuta uziyankhulabe.

“Mayi, pepani, koma chenichenicho chili kumanda. Ichi ndi chokanidwa chija. Sichinkagwira ntchito, ndiye ndinangochipeza motchipa.”

“Motchipa,” anabwereza mayiwo. Anandiyang'ana koyamba. Maso anali ouma. “Amuna anga munawagula zingati?”

Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinayankha. Ndinatchula mtengowo. Choipitsitsa n'choti m'mawu mwanga munamveka kakunyada pang'ono, ka munthu yemwe wagula bwino.

Alendo ananyamuka osatsiriza tiyi. Anadutsa pakati pa matayala aja mwakachetechete, mvula ikuwawaza, mayi Filomena ali patsogolo. Esinati, yemwe ankamvetsera ali kukhitchini, analowa kuchipinda n'kudzitsekera. Mayi a Esinati anatsala akupinda nsalu yawo yothimbirira.

“Hotela,” anatero. Mawu amodzi okhawo.

Wokonza zinthu anali a Dafuleni, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa anazikonza bwino. Anapita kwa akuchimuna kawiri, ndi tambala wanga m'khwapa, kukapepesa m'malo mwa mbumba. Anabwerako ndi mfundo ziwiri. Yoyamba, mwalawo ubwerere kwa eni dzina, ndipo woubweza ndikhale ine, masana, malembo akuyang'ana kumwamba. Yachiwiri sanachite kuinena. Anangoti, “Mango aja ndasesapo kale, alamu.”

Kwawo kwa mayi Filomena njira yake imadutsa pakati pa msika wa Chonde, ndipo tsiku lomwe anasankha linali la msika. Wangolo anakana kuti ng'ombe zake zinyamule dzina la wakufa popanda maliro, ndiye ndinabwereka wilibala. Tangoganizani: ine, wodziwika msika wonse, ndikukankha chiliza m'matope, mtanda uli poyera. Okwera njinga ankatsika. Amuna ankavula zipewa. Mayi wina wogulitsa usipa, yemwe ndinamuliritsapo ndi kunenerera, anandigwira mkono.

“Pepani achimwene, sitinamve. Anali ndani wanu?”

“Tebulo,” anayankha mnzanga wina wa kaunjika ali pabenchi lake, ndipo pofika madzulo msika wonse unali utadziwa.

A Wayisoni anali pakhomo pa shedi yawo ndikudutsa. Sanaseke. Anangoyang'ana mwalawo, kundiyang'ana ine, n'kunena kuti, “Simenti ija inatha, bwana?”

Kumudzi kuja adzukulu okumba manda anaulandira n'kupita nawo kumsitu, kukauika pambali pa unzake. Mayi Filomena anandipatsa madzi osamba m'manja ndi chikho cha thobwa. Ndinamwa nditagwada. Sanandinyoze, sanandikhululukirenso mokweza. Anangoti, “Lusiyano ankakonda alendo. Koma akanakonda mukanamuuza kaye.”

Chinkhoswe chinachitikira kwa a Dafuleni, pansi pa mango, padothi losesa, popanda duwa ngakhale limodzi. Kunabwera anthu ambiri kuposa oitanidwa, ena kudzangoona nkhope yanga. Woyendetsa mwambo anathokoza eni khomo chifukwa cholera mwana bwino, anthu anawaombera m'manja a Dafuleni, ndipo iwo anaimirira n'kuwerama mbali zonse zinayi. Ine ndinali pabenchi lakumbuyo, pafupi ndi osunga njinga. Esinati anawala ngati mayi ake kalelo. Podutsa ndi lichero lolandirira ndalama anaima pang'ono patsogolo panga, n'kunong'ona kuti, “Adadi, ingoponyani. Musanenerere.” Aka kanali koyamba kundiyankhula chichitikireni zija, ndipo ndinaponya zonse za m'thumba, ndi ya minibasi yomwe.

Wojambula anatipatsa chithunzi chimodzi chachikulu cha tsikulo. Pakati pali Esinati ndi Chifundo, mbali iyi mayi Filomena, mbali inayo mayi a Esinati ndi a Dafuleni atatambasula chifuwa. Ine ndilimo khutu ndi phewa, kumapeto kwenikweni. Mayi a Esinati anati chimenecho ndicho chokongoletsa chokha chomwe ndikuloledwa kubweretsa pakhomo pano mpaka imfa, ndipo anandituma kukagula felemu.

Mnyamata wogulitsa mafelemu pa Chonde amandidziwa bwino. Atandiona anakoka mpweya, n'kutchula mtengo wokwera dala kuti tikumane pakati. Ndinapisa m'thumba n'kumupatsa momwemo. Anawerenga, anandiyang'ana, anawerenganso.

“Madala, mukudwala?”

Ndinamuuza kuti eya.